Zingwe za Nungu ndi Nzama Zinayi

Padangokhala, inu muli apo ine ndili pano, chaka china chimene mvula idasochera osafika.

Madzi adatsala m'chitsime chimodzi chokha, ndipo chitsimecho chidali cha Mfumukazi Nsato. Nsato adali wokalamba ndi wolemera thupi, woti sakadatha kuthamangitsa ngakhale nkhono. Choncho adaika lamulo. Tsiku lililonse mudzi wa nyama uzitumiza mmodzi yekha wokatungira onse, mabanja azisinthana. Njira zopita kuchitsime zidali zinayi, zonse zoyambira pamphambano imodzi: ya Chitedze, ya Mchenga, ya Miyala ndi ya Phulusa. M'mawa uliwonse Nsato ankagona pa imodzi mwa njirazo. Wotunga akadzera kwina, madzi ndi ake. Akadzera pamene pagona Nsato, iyeyo ndi wa Nsato.

Poyamba lamuloli silinkaopsa kwenikweni. Aliyense ankadziwa kuti Nsato amakonda mchenga wofunda, ndiye ankangoupewa. Mwezi unkatha mfumukazi osameza kanthu.

Tsiku lina Nungu adapita kukagwada pamaso pake. Nunguyu adali wa m'mudzi momwemo, koma wosacheza ndi anzake. Ena akamavina, iye ankakhala patali akupota luzi, maso ali pa iwo.

"Mfumukazi, mwaonda," adatero Nungu.

"Wabwera kudzandiseka?"

"Ndabwera kudzakudyetsani. Mundipatse unduna, ndipo ine ndisamatunge nawo. M'mawa uliwonse ndizikuuzani pogona."

"Umaombeza ula?"

"Ula umanama. Ine ndimawerenga."

Nsato adavomera, Nungu n'kukhala nduna.

Kuwerenga kwake kudali kotere. Nyama iliyonse ya m'mudzimo idali ndi chingwe chake cholendewera kudenga la nyumba ya Nungu. Wina akasankha kanthu, Nungu ankamanga mfundo pa chingwe chake: yaikulu, yaing'ono kapena yapawiri, malingana ndi chimene wasankha. Sankayang'ana za kuchitsime zokha. Ankaona chipatso chimene Mbawala wayamba kutola, mbali imene Njiri wagonera, ndiponso ngati Gwape akadzidzimuka amathawa kapena amaima chilili. Adachita zimenezi zaka zambiri popanda womufunsa.

Kuyambira tsiku limenelo, dzuwa likangotuluka, m'nyumba ya Nungu munkamveka nyimbo. Idali yapansipansi, yosakwera yosatsika. Inkayamba ndi dzina la wotunga wa tsikulo, kenako n'kumawerenga mfundo zake imodziimodzi, ndipo pothera inkanena kuti mapazi afika kale kumene mutu sunaganize. Dzina la njira mudalibe m'nyimbomo. Koma Nsato ankamva kudzera pansi zimene ena sankamva, ndipo nyimbo ikatha ankadziwa pokagona.

Masiku asanu ndi awiri adapita otunga asanu ndi awiri. Palibe adabwerera. Masana ake mtsuko unkapezeka pamphambano uli wodzaza, wovindikiridwa bwino ndi masamba. Nungu ndiye ankaubweretsa, kuti mudzi usafe ndi ludzu n'kusowa wotunga wa mawa. Nyama zinkamwa madziwo zikulira.

M'mudzimo mudali Likongwe, mayi wochepa thupi koma wa lilime lothamanga. Ndi iye adanamizapo Fisi mpaka Fisi adapepesa chithunzithunzi chake chomwe. Nyama zitasowa chochita, zidayamba kupita kwa iye.

Woyamba adali Njiri.

"Mawa ndi ine, mayi. Nditani?"

"Mtima wanu ukufuna njira iti?"

"Ya Miyala. Ndidapulumukirako kawiri."

"Nungu akudziwa zimenezo. Nanga imene mumadana nayo?"

"Ya Chitedze. Sindidaipondepo chibadwire."

"Pitani yomweyo."

Kutacha nyimbo idamveka, dzina la Njiri lili patsogolo. Njiri adasenza mtsuko n'kulowa ya Chitedze. Masana mtsuko udapezeka pamphambano, wodzaza, wovindikira.

Wachiwiri adali Mbawala. Likongwe adaganiza nthawi yaitali asanayankhe.

"Kayambaneni ndi akazi anu pafupi ndi nyumba ya Nungu," adatero. "Iwo azikuwa kuti mupite ya Mchenga, inu muzilumbira kuti mupita ya Phulusa."

"Ndiye ndikapite ya Miyala?"

"Ayi. Nungu si mwana. Adziwa kuti mkanganowo ndi wabodza, ndipo Phulusa aichotsa m'mutu mwake. Inu mukapite ya Phulusa yomweyo."

Mbawala adaseka koyamba m'masiku ambiri. Adakangana ndi mkazi wake mpaka mudzi wonse udamva. Kutacha nyimbo idatchula dzina lake, n'kuwerenga, n'kunena zija za mapazi ndi mutu. Masana mtsuko udali pamphambano.

Wachitatu adali mwamuna wa Likongwe.

Likongwe sadalankhule naye m'nyumba. Adamukokera m'dzenje, n'kutseka pakhomo ndi udzu, n'kuika pakamwa pake pakhutu la mwamunayo.

"Bambo, mukalowe ya Mchenga aliyense akuona. Mukayende mapazi makumi awiri, mubwerere chokwawa, mulowe ya Phulusa."

"Mmene mwafera Mbawala lero?"

"Momwemo. Ndani angaganize kuti wina alowanso pamene magazi sanaume?"

Mwamunayo adamuyang'ana. "Ngati watero iwe, ndipita."

Nyimbo ya m'mawa umenewo idayamba ndi dzina la mwamunayo monga mwa masiku onse. Koma kuwerenga kwake kudatalika. Nungu adawerenga, n'kuwerenga, mpaka nyama zidayamba kuyang'anana, chifukwa mwamuna wa Likongwe adali wofatsa, wosachita zambiri pamoyo wake. Mfundo zonsezo akadazitenga kuti?

Masana Likongwe adaima pamphambano akuyang'ana mtsuko wodzaza. Sadamwe. Adatembenuka n'kulunjika kunyumba ya nduna.

Adapeza chitseko chili chotsegula, mphasa itayalidwa, chikho cha madzi chili pambali pake.

"Lowani, mayi," adatero Nungu ali m'kati. "Ndimati mufika dzuwa lili pamutu. Mwachedwa pang'ono, koma mwina munaima kaye kuti mulire."

Likongwe adalowa. Zingwe zidali lendelende kudenga konse, zina zazifupi zina zazitali, ndipo zinkagwedezeka pang'onopang'ono ngakhale m'nyumbamo mudalibe mphepo. Pakona padali mulu wa zingwe zodulidwa.

"Munadziwa bwanji?" adafunsa Likongwe. "Tinalankhulira m'dzenje."

"Sindimvetsera zolankhula. Taonani." Nungu adakhudza chingwe chimodzi. "Aliyense wa inu amaganiza kuti mtima wake ndi wakuya. Koma ndi mfundo zinayi kapena zisanu zomangobwerezabwereza. Wopulumukira panjira ina amabwererako kasanu ndi kawiri pa maulendo khumi. Woona magazi amapewa malowo masiku atatu. Wamantha amasankha njira yaifupi, waulesi amasankha imene waima nayo pafupi."

"Amuna anga sanachite chilichonse mwa zimenezo."

"Chingwe cha amuna anu sindinachikhudze n'komwe."

Nungu adaloza mzati wa pakati pa nyumba. Padali chingwe chimodzi chotalika kuposa zonse, chozungulira mzatiwo katatu, chodzaza mfundo mpaka luzi osaoneka.

"Ichi ndi chanu," adatero. "Kale ndinkavutika kuwerenga mudzi wonse. Koma chiyambireni kubwera kwa inu, ndimangowerenga chimodzi. Mukanamiza koyamba mumatembenuza kamodzi. Zikakanika mumatembenuza kawiri. Kachitatu mumapita pamene ena onse akuopa, chifukwa mumakonda kuti anthu azidabwa nanu. Mudatero ndi Fisi, mudatero ndi Nkhwazi, mudatero pa ukwati wanu. Njiri, Mbawala ndi amuna anu, onse mwandipatsa ndinu. Mfumukazi akuthokoza."

Likongwe adabwerera m'mbuyo. Adagwira mzati kuti asagwe, n'kuchotsa dzanja msanga atazindikira chimene wagwira.

"Kodi chilipo chimene simungachiwerenge?"

"Chilichonse chofuna kanthu chimawerengeka. Wofuna moyo, wofuna madzi, wofuna kuoneka wochenjera. Ndikadziwa chimene mukufuna, ndadziwa kumene mukupita."

Likongwe adatuluka osatsazika. Ali pakhomo adacheuka, n'kuona Nungu akumanga mfundo yatsopano pachingwe chake.

"Imeneyo ndi ya chiyani?"

"Simunamwe madzi anga."

Kunyumba kwake adapeza amayi a m'mudzi atasonkhana pamaliro, akusankha nzama zoti aphike. Likongwe adakhala pansi pambali pa lichero, maso ali kutali, dzanja likungolowa m'nzamamo n'kutuluka. Idatuluka yofiira. Idatuluka yoyera. Idatulukanso yoyera. Kenako adayamba kuyesa mumtima: tsopano ituluka yakuda. Idatuluka yamawanga. Tsopano yofiira. Idatuluka yakuda. Adayesa kakhumi, adalondola kawiri kokha.

Likongwe adaseka mokweza, pamaliro a mwamuna wake. Amayi adayang'anana, ena n'kumati mutu wasokonekera.

Gwape, mnzake wa kuyambira ubwana, adamugwira paphewa. "Iwe, wayamba misala?"

"Mawa wotunga ndani?"

"Ndine."

"Ndipatse tsiku lako. Ndipita ine."

Likongwe adasoka kathumba ka chikopa n'kuikamo nzama zinayi. Kutacha nyimbo idamveka ikutchula dzina lake, chifukwa Nungu adadziwiratu kuti atenga tsiku la mnzake. Nyama zonse zidamuperekeza mpaka pamphambano. Pamenepo Likongwe adakhuthulira nzamazo m'dzanja kuti aliyense aone.

"Yofiira ndi ya Chitedze. Yoyera ndi ya Mchenga. Yamawanga ndi ya Miyala. Yakuda ndi ya Phulusa. Nungu akuti amawerenga chilichonse chofuna kanthu. Nzama izi sizifuna kanthu. Koma mumvetse: njira ndi zinayi, Nsato ndi mmodzi. Pa anayi opita, atatu azibwerera. Zoposa pamenepo sindikulonjeza."

Adabweza nzama m'kathumba, adakhutchumula, adatsinzina, n'kupisa dzanja. Idatuluka yoyera.

"Ya Mchenga!" adakuwa Gwape. "Kumene Nsato amakonda kugona! Bweza, utolenso!"

Likongwe adayang'ana nzama yoyera ija. Nayenso ankafuna kubweza. "Ndikabweza ndiye kuti ndasankha ine," adatero, "ndipo ine ndili pamzati wa Nungu."

Adasenza mtsuko n'kulowa ya Mchenga. Nyama zidadikira pamphambano. Dzuwa lisanafike pamutu adatulukira, madzi akutayikira pamsana pake.

Kuyambira pamenepo wotunga aliyense ankapisa dzanja m'kathumba, Likongwe atagwira kukamwa kwake. Tsiku lachiwiri wotunga adabwerera. Lachitatu adabwerera. Nyimbo ya Nungu inkamvekabe m'mawa, dzina patsogolo, mfundo pambuyo, koma ikafika pothera inkatsimphina. Inkabwerera kukayambanso kuwerenga, n'kuima, n'kuyambanso. Masiku asanu ndi anayi adatha Nsato osameza kanthu, mpaka adaleka kumvera nyimbo ya nduna yake n'kuyamba kugona pamene wafuna yekha.

Tsiku lakhumi lidali la mwana wamkazi wa Gwape, woyamba kubadwa. Adapisa dzanja akumwetulira. Idatuluka yamawanga, ndipo adalowa ya Miyala akuimba.

Masana mtsuko udapezeka pamphambano, wodzaza, wovindikira.

Gwape adafika kwa Likongwe osalira, maso ali gwa.

"Wamutumiza ndani mwana wanga?"

"Palibe. Ndi nzama."

"Ndiye ndikalirire nzama? Ndikaitukwane nzama?"

"Ndinanena poyamba, mnzanga. Pa anayi opita, atatu."

"Mwana wanga sanali mmodzi pa anayi. Anali mmodzi yekha."

Gwape adachoka, Likongwe n'kutsala yekha. Adakhala pakhomo akuyang'ana kathumba kake, n'kuona kuti imfa siidachoke, idangochepetsa liwiro. Mudzi udzathabe, kungoti mochedwa. Adatenga singano n'kulowa m'nyumba, n'kutseka chitseko.

Padapitanso masiku asanu ndi limodzi otunga onse akubwerera. Masana a tsiku lachisanu ndi chimodzilo Likongwe adapita kwa Nungu. Ulendo uno mphasa sidayalidwe. Nungu adali pansi pakati pa zingwe, ataonda, zala zitatupa ndi kumanga ndi kumasula.

"Mwabwera kudzanyada?" adafunsa.

"Ndabwera kudzafunsa. Kodi a nduna, mfumukazi akadziwongola pambali pa wina amene wagona, mutu pamutu, mchira kumapazi, amatanthauza chiyani?"

Nungu adadzutsa mutu. "Mwaziona kuti?"

"Dzulo masana, kuseri kwa chitsime. Inu munali m'tulo. Adadziwongola pambali panu, n'kukhala choncho kanthawi, n'kuchoka."

Lidali bodza. Koma Nungu adadzuka n'kupita kuseri kwa nkhokwe yake, kumene adabisa chingwe china chonenepa, chakuda ndi utsi. Chidali cha Nsato. Adachiyendetsa m'zala, milomo ikugwedera.

"Chikuti chiyani?" adafunsa Likongwe.

"Adakhalapo ndi nduna ziwiri ine ndisanabwere, Nkhandwe ndi Vumbwe. Onse adawameza njala itakwana masiku asanu ndi awiri." Adaika chingwecho pansi. "Ulendo watha uja adandisiya poti ankandifunabe, koma tsopano waona kuti mwana wa Gwape adamugwira popanda ine."

"Mawa ndi lachisanu ndi chiwiri," adatero Likongwe. "Tsalani bwino."

Kuchoka apo adapita kuchitsime, n'kukwera pa nthambi yoti Nsato sangaifike.

"Mfumukazi!"

Nsato adatsegula diso limodzi. "Ndiwe wa nzama uja? Tsika."

"Nditsika mawa, ngati ndanama. Nduna yanu ikuthawa m'mawa. Idzera ya Phulusa."

"Ukundiuziranji?"

"Adandiphera mwamuna."

"Ndidamumeza ndine."

"Inu munali ndi njala. Iye analibe."

Nsato adatulutsa lilime n'kulibweza. "Ali ndi minga," adatero.

"Mukayambira kumutu, minga imagona yokha. Ndipo nyama yake ndi mafuta okhaokha, wakhala akudya bwino m'dzina lanu. Akapanda kubwera, ndidzatsika pa nthambi ino ndekha."

Kutacha, kwa nthawi yoyamba, m'nyumba ya Nungu simudamveke nyimbo. Likongwe adapita pamphambano ena asanadzuke, n'kupeza Nungu ali kale pomwepo, kamtolo kali pamutu. Wotuluka m'dziko limenelo ankayenera kudzera kuchitsime, ndipo njira zake zidali zinayi zomwezo. Nungu ankayenda uku ndi uku, akulankhula yekha.

"Mfumukazi amakonda Mchenga. Koma akudziwa kuti ndikudziwa. Ndiye agona ya Miyala, kumene adadya komaliza. Koma wamva nyimbo zanga masiku onsewa, waphunzira mmene ndimaganizira. Ndiye abwerera ku Mchenga. Koma ngati wadziwa kuti ndaganiza zimenezo..." Adaima ataona Likongwe. "Mayi, ndibwerekeni kathumba."

"Inu? Mwini zingwe?"

"Chiyambireni mfumukazi kusankha yekha, mfundo zake n'zochepa, sizikwana kuwerenga. Ndipo ine ndikufuna moyo kwambiri. Wofuna kwambiri amaonekera patali."

"Mukudziwa kuti ndimafuna mutafa."

"Ndikudziwa. Khuthulani ndione."

Likongwe adakhuthulira nzama m'dzanja la Nungu: yofiira, yoyera, yamawanga, yakuda. Nungu adazitembenuza, adazinunkhiza, n'kuzibwezera yekha m'kathumba.

"Chingwe chanu ndachiwerenga m'mawa uno," adatero. "Mwagwira kathumba aka kakhumi ndi kasanu ndi kamodzi, osabera ngakhale kamodzi. Pakamwa panu pamanama, koma kathumba ayi. Kakadakhala kachinyengo, mwana wa mnzanu sakadafa nako."

Likongwe adakhutchumula kathumba, n'kugwira kukamwa kwake monga ankachitira masiku onse. Nungu adatsinzina, n'kupisa dzanja. Idatuluka yakuda.

Adaiyang'ana nthawi yaitali. Adayang'ana Likongwe. Adayang'ana njira zinazo.

"Mutha kubweza," adatero Likongwe.

"Ndikabweza ndiye kuti ndasankha," adatero Nungu. Adakonza kamtolo kake n'kulowa ya Phulusa.

Nyama zidafika pamphambano ndi wotunga wa tsikulo, n'kupeza Likongwe atakhala pansi. Zisanafunse kanthu, zidamva nyimbo. Idali yomwe ija, yapansipansi, yosakwera yosatsika, koma inkamveka ngati ikuchokera pansi pa mtondo wovundikira, ndipo inkachokera m'njira ya Phulusa.

Zidatsatira mwakachetechete, Likongwe ali patsogolo. Zidapeza Nsato atadziwongola panjira, pakati pa thupi lake patatupa. Nyimbo inkachokera m'chotupacho. Idalibe dzina patsogolo, idali kuwerenga kokhakokha. Nungu akawerenga kamodzi, munga umodzi unkaboola khungu la Nsato n'kutulukira kunja, woyera kunsonga. Akawerenganso, wina. Nsato ankadzipinda, n'kudzimenyetsa pansi, kukamwa kuli yasa, osatha kulavula chimene adameza. Minga idatuluka kumsana, idatuluka m'nthiti. Kenako mfumukazi adaleka kugwedezeka.

Kuwerenga kudapitirirabe pang'ono m'thupi lakufalo, kukucheperachepera. Kudaima pakati, kusanafike pothera.

Padapita nthawi nyama zisanayerekeze kudutsa. Kenako zidathamangira kuchitsime zonse pamodzi, njira zonse zinayi, n'kumwa ndi pakamwa pawo mpaka mimba kuwawa. Zidamunyamula Likongwe n'kumuika pamwala.

"Tiuzeni, mayi! Mwachita bwanji?"

Apa Likongwe akadangokhala chete. Koma maso onse adali pa iye, ndipo lilime lidamuyabwa. Adafotokoza za bodza la kudziwongola, nyama n'kuseka. Adafotokoza za nthambi ya pachitsime ndi zimene adapangana ndi Nsato, nyama n'kuomba m'manja. Kenako adatembenuza kathumba kunja kukhala m'kati.

"Taonani. Kali ndi mimba ziwiri. Umu muli zinayi zija Nungu adaziona. Umu muli zinayi zina, zonse zakuda. Ndikagwira kukamwa chonchi, dzanja limalowa uku. Ndikagwira chonchi, limalowa uko."

Nyama zidagubuduka ndi chiseko. Gwape yekha sadaseke. Adayandikira, n'kutenga kathumbako, n'kuyang'ana msoko wake.

"Mimba yachiwiriyi unasoka liti?"

"Mwana wako atapita, tsiku lomwelo."

"Anakuona ndani?"

"Palibe. Ndinatseka chitseko."

"Tsiku limene mwana wanga adapisa dzanja, adagwira kukamwa kwa kathumba ndani?"

Chiseko chidayamba kuzilala.

"Ndine, monga masiku onse. Mnzanga, ukufuna kunena chiyani?"

"Wanena wekha kuti Nungu adakhulupirira kathumba chifukwa mwana wanga adafa nako. Akadapanda kufa, Nungu sakadapisa dzanja. Panafunika wina afe."

"Ndikadadziwa bwanji pamene pagona Nsato tsiku limenelo?"

"Unakalankhula naye dzulo. Tidziwa bwanji kuti kunali koyamba?"

"Gwape, ndidatenga tsiku lako! Ndidalowa ya Mchenga m'malo mwako!"

"Udalowadi, ndipo Nsato kudalibe," adatero Gwape pang'onopang'ono. "Nanga tsiku limenelo kathumba kadali ndi mimba zingati?"

Likongwe adayang'ana uku ndi uku kufuna womuikira kumbuyo. Adaona mkazi wa Njiri ndi mkazi wa Mbawala atayimirira pamodzi, akumuyang'ana osaphethira. Adalumbira pa mwamuna wake. Adalira. Adang'amba msoko kuti aone kuti ulusi wake ndi watsopano. Koma nyama zidali zitamuona kumene akusonyeza mmene amanamizira, ndipo misozi yake inkangooneka ngati luso lina.

Ine wokamba nthanoyi ndikukuuzani: tsiku la mwana wa Gwape kathumba kadali ndi mimba imodzi, ndipo Likongwe sadabere. Koma pachitsime paja padalibe woti akadadziwa zimenezo, ndipo Likongwe adalibe njira yozisonyezera.

Palibe adamumenya, palibe adamuthamangitsa. Gwape adaika kathumba pansi bwinobwino n'kuchoka. Ena adamutsatira mmodzimmodzi, amayi akukoka ana awo, mpaka Likongwe adatsala yekha pamwala paja.

M'mawa mwake adapita kunyumba ya Gwape kuti akalankhule naye. Adamuona akubwera panjira ndi mwana wake wotsala, mtsuko uli pamutu. Likongwe adadutsa kutsogolo kwawo n'kuima pambali kuti awapatse moni. Gwape adaima. Adayang'ana pamene Likongwe wadutsa, adagwira mwana wake padzanja, n'kutembenuka kubwerera kunyumba ndi mtsuko wopanda madzi. Amene ankabwera pambuyo pake adaona, nawonso n'kutembenuka.

N'chifukwa chake Likongwe amayenda yekha, ndipo akafika panjira ya ena amadutsa chothamanga, mutu uli pansi, kuti asabweze wina paulendo wake.

Ine ndatula pamenepa.